Batani Lofiira Kumbuyo kwa Ba Mwanza

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha sipika ya kutchalitchi. Linali Lamlungu, ku Peckham, mumzinda wa London, mu holo imene timabwereka pamwamba pa shopu yogulitsa nsomba zouma ndi tsitsi loikirira. Kwaya itangotsegula pakamwa, sipika ya kumanzere inayamba kung'ung'udza ngati njuchi zatsekeredwa m'chitini. Ine chinthu chikamalira molakwika sinditha kukhala phee, thupi lonse limandiyabwa. Azakhali anga a Esnati, namwino amene ndinkakhala nawo ku Barking, anandikanikiza bondo kuti ndikhale pansi ngati munthu woleredwa, koma ndinali nditanyamuka kale.

Kumbuyo, pamakina a zokuzira mawu, panali bambo wa imvi, magalasi ali pamphuno, akugwedeza mawaya mmodzimmodzi. Anali Ba Mwanza, a ku Zambia, mkulu wa mpingo. Ndinanjuta, ndinawapatsa moni, ndinadikira kuti andiyang'ane, kenako ndinawalozera pulagi imene waya wake wapansi unali utathothoka. Tinaumangirira mongoyembekezera, sipika n'kukhala chete. Mapemphero atatha anandiitana n'kundifunsa zimene ndinaphunzira. Ndinawauza kuti ndamaliza digiri yachiwiri ya zamagetsi, kuti makalata ofunsira ntchito ndatumiza mpaka zala kuwawa, ndiponso kuti viza yanga ya omaliza maphunziro ikutha ndikuiona. Popanda kampani yondisunga, yondilemba ntchito n'kundiimira pa viza, ndinayenera kulongedza n'kubwerera ku Ntcheu.

"Uziba kusebenzesa soldering iron, olo ni va m'buku chabe?" anandifunsa m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. Ndinati chitsulo chowotcherera mawayacho ndimachidziwa. Iwo anati, "Kwatu bafuna muntu mu lab. Ine ningakuonese chitseko chabe, kungena ni iwe."

Ndinalowa. Anandifunsa mafunso anthu ena, osati iwo, ndipo anandilemba moyesera kwa miyezi ingapo. Mawu anali omveka: akakhutira nane, kampani indisunga ndipo viza ipitirira. Akapanda kukhutira, basi.

Kampaniyo inali yaing'ono, kumadzulo kwa London, cha ku Acton, pakati pa nyumba zosungiramo katundu. Kuchokera ku Barking ndinkakwera sitima ya District line pafupifupi mzere wonse, ndikuwerenga masiteshoni, mwendo ukugwedezeka wokha mpaka woyandikana nane kundiyang'ana. Tinkapanga chipu cha makompyuta akuluakulu aja amati supercomputer, amene amadzaza chipinda chathunthu ndipo amawerengera zinthu monga kayendedwe ka mphepo ndi mvula. Anthu akamva zimenezi amaganiza za chinthu chachikulu. Chipu chenichenicho chimakwana pachikhatho. Pakati pake pali kagalasi ka silikoni kowala ngati kalilole, m'mbali mwake muli timilu ta memore, mosungira manambala, toyandikana nako kwambiri kuti manambala asayende mtunda wautali. Mphamvu ya magetsi imene chimafuna ndi yochepa kuposa ya batire la tochi, koma chimawakoka ochuluka moopsa, ndipo onsewo amasanduka kutentha. Kanthu kakang'ono choncho kamatentha ngati mbaula. Nkhani yonse ya ntchito yathu mu labu inali pamenepo: kulowetsa magetsi mwadongosolo, kutulutsa kutentha msanga.

Ine ndinkalota zojambula mkati mwa chipu pakompyuta, ngati anzanga a m'maofesi a kumtunda, pamwamba pa labu, amene ankamwa khofi akuyang'ana masikirini awiriawiri. M'malo mwake anandipatsa kalamba ka padzanja kokhala ndi waya wopita pansi, koteteza kuti magetsi a m'thupi asaphe chipu, n'kundiika pansi pa Ba Mwanza. Walira mvula walira matope. Ndinaphunzira kupaka phala lotuwa pamwamba pa chipu, losachuluka, losachepa. Ndinaphunzira kukhazika pamwamba pake chitsulo cha kopa choziziritsa, chokhala ndi tinjira ta madzi mkati, ndi kumanga masikulu ake mopingasa, ili kenako la kutsidya, pang'onopang'ono, ndi sikuludiraiva imene imalira kuti thwa ikafika pamlingo. Ukamanga mbali imodzi yokha mpaka kumapeto, silikoni amang'aluka. Ndinaphunzira kulumikiza mapaipi, kutulutsa mpweya m'madzi, kuyeza njira iliyonse ya magetsi ndi mita ndisanayatse chilichonse, ndi kuwerenga osilosikopu, makina amene amaonetsa magetsi ngati mzere wovina pasikirini. Zonsezi zimafuna munthu wodekha, ndipo ine ndinabadwa ndi phuma. Ba Mwanza ankati ndimayenda ngati ndasiya mwana pamoto.

Koma chimene chinkandivuta kwenikweni sichinali manja. Chinali pakamwa.

Poyatsa bolodi, kathabwa ka mawaya kamene chipu chimakhalapo, tinkakhala awiri. Wina amayang'ana osilosikopu ndi kukweza magetsi, wina amayang'ana kutentha ndi kuthamanga kwa madzi, dzanja lili pafupi ndi batani lalikulu lofiira limene limadula magetsi onse a bolodi. Wa pabatani amakhala wamng'ono pantchito, ndiye kuti ine. Lamulo lake ndi limodzi: ukaona cholakwika, dina, osafunsa munthu. Pakamwa n'zosavuta kunena.

Kwathu sindinaleredwe choncho. Bambo anga anali mphunzitsi wamkulu, ndipo m'nyumba mwathu mwana sankadula mawu munthu wamkulu ngakhale zitavuta bwanji. Umagwada pakhomo, umadikira mpaka akuone. Ndili wamng'ono, tsiku lina mbuzi za aneba zinaboola mpanda wa dimba lathu. Ndinathamanga kukanena, ndinapeza bambo akucheza ndi alendo a kumpingo pakhonde, ndinagwada. Ndinagwada mpaka mawondo kuchita dzanzi. Pamene ankanditembenukira, mpiru ndi tomato zinali zitapita. Alendo aja anayamikira ulemu wanga, ndipo ndinakula ndikudziwa kuti ndinachita bwino.

Ndiye tsiku lina m'masabata oyambirira, tikuyesa bolodi lopanda chipu chenicheni, ndinaona nambala ya magetsi ikukwera yokha. Ba Mwanza anali akulankhula ndi mnzathu wina za mawaya. Dzanja langa linali pomwepo, pabatani. Ndinatsokomola pang'ono. Ndinati, "Pepani Ba Mwanza, ndikudziwa kuti muli pakati pa nkhani, koma ngati mungapeze kampata, mwina mungaone kuno." Ndisanamalize tinamva kuti phu, kautsi n'kutuluka, fungo la pulasitiki wopsa n'kudzaza labu.

Sanakalipe. Anavula magalasi, anawapukuta, n'kunena kuti, "Mau yako yonse yaja yabwino, bolodi inali kupya. Muno mu lab ulemu ni batani, mwana wanga. Pepani uzakamba pambuyo."

Kuyambira pamenepo anayamba kundiyesa dala. Ankayamba nkhani yaitali ya migodi ya ku Kitwe kumene anayambira ntchito, kwinaku akukweza magetsi mobisa pabolodi lakale, kuti aone ngati ndiwadula. Masiku ena ndinkadina. Masiku ambiri ndinkadikira kuti apume kaye pakati pa mawu, ndipo iwo ankadziwa. Ankangopukusa mutu. Ndikamabwerera pasitima ndinkadzikalipira ndekha: Thoko iwe, miyendo yothamanga chonchi, pakamwa pomangidwa ngati thumba la chimanga, ubwerera ku Ntcheu ndi ulemu wakowo.

Machipu oyamba anafika kuchokera kufakitale ya ku Asia nyengo yozizira itayamba. Anali owerengeka, ndipo ena akanabwera patapita miyezi. Chipu choyamba kutuluka m'fakitale sichikhala chokhulupirika. Ena anakana kudzuka, ena anadzuka koma memore yawo inkanama. Chimodzi chokha n'chimene chinkagwira ntchito yonse mpaka kumapeto. Ba Mwanza anachitcha Amai Busa, chifukwa aliyense akachiyandikira ankatsitsa mawu. Chipu chokhwima chimadziteteza chokha, chikatentha kwambiri chimadzizimitsa. Pa Amai Busa gawo limenelo linkazimitsa popanda chifukwa, ndiye a kumtunda analitseka kaye pofufuza vutolo. Chitetezo chokha chimene chinatsala chinali munthu wa pabatani.

Mlungu womwe nthawi yanga yoyesedwa inkatha, bwana wamkulu wa kampani, mzungu wamtali wosakonda kumwetulira, analengeza kuti kukubwera alendo ochokera ku malo ena ofufuza za nyengo, amene ankaganiza zogula makina athu. Tikawaonetse Amai Busa akuwerengera mkuntho. Za ine anati tikambirana alendowo akapita. M'mawa wa tsikulo azakhali anandigwira mutu n'kundipempherera pakhomo, nsapato zawo za kuchipatala zili kumapazi, kenako anati, "Ukakhale ndi ulemu. Bambo aja anakutola ngati mwana wawo."

Labu yathu inali yopapatiza. Alendo atalowa ndi makoti awo onyowa ndi mvula, malo anatha. Tinayatsa mwadongosolo, njira ya magetsi imodzi kenako inzake, pampu ikung'ung'udza, madzi akuyenda bwino. Pasikirini yaikulu ya pakhoma panaoneka mitambo ikuzungulira pamwamba pa nyanja. Mlendo wina, mayi wa tsitsi lalifupi, anafuna kuona bolodi pafupi. Bwana wamkulu anandikodola kuti ndisunthe. Ndinasuntha, laputopu yanga ili m'manja. Ba Mwanza anabwerera m'mbuyo kuti apereke malo, akulankhulabe, n'kutsamira pashelefu, msana wawo n'kuphimba batani. Ndinaona. Ndinafuna kunena. Anali pakati pofotokoza mmene memore imalankhulirana ndi chipu, m'Chingerezi chawo chodekha, alendo onse atatchera khutu, ndipo ndinadziuza kuti ndinena akangopuma.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mlendo wina wamwamuna, pofuna kuona bwino, anakankha kangolo kamene panali osilosikopu. Sindinaone pamene tayala linaima. Chimene ndinaona ndi nambala ya kuthamanga kwa madzi ikugwa, ndipo ya kutentha ikukwera, osati mwaulesi ngati masiku onse, koma modumpha. Chipu chotere chikasowa madzi sichikupatsa nthawi yomaliza moni.

Pakamwa panga panayamba pokha. Ndinamva mawu anga akuti "Pepa", ndipo ndinamvanso fungo lija la pulasitiki wopsa ngakhale panalibe chopsa. Ndinaponya laputopu pampando. Ndinawagwira Ba Mwanza paphewa ndi manja onse awiri n'kuwakankhira kumbali, bambo wa msinkhu wa bambo anga, mkulu wa mpingo, munthu amene anandionetsa chitseko, pamaso pa azungu. Ndinamenya batani ndi chikhatho.

Mitambo ya pakhoma inazima. Ba Mwanza anapunthwa pamwendo wa mpando n'kukhala pansi kuti khu, magalasi n'kuuluka. Mu labu munangotsala phokoso la pampu. Nkhope ya bwana wamkulu inafiira mpaka m'makutu. Mayi uja anafunsa motsitsa ngati bamboyo wavulala. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe. Ndinangoloza sikirini ya laputopu. Kenako ndinagwada kutola magalasi. Mwendo wake umodzi unali utathyoka.

Ba Mwanza anadzuka okha, anakana dzanja la aliyense. Anayang'ana manambala atayandikitsa nkhope pasikirini, anatsatira paipi ndi chala, n'kuipeza itaphwatalala pansi pa tayala la kangolo. Mlendo wokankha kangolo uja anapepesa kambirimbiri. Bwana wamkulu anatenga alendo onse kupita nawo kumtunda, ndipo potuluka sanandiyang'ane.

Kuzimitsa sikutanthauza kuti wapulumutsa. Kutentha kukhoza kukhala kuti kwawononga kale mkati, kumene diso silifika. Tinayenera kudikira kuti chipu chizizire, kusintha paipi, kutulutsa mpweya, kuchotsa chitsulo choziziritsa kuti tione silikoni, kupakanso phala, kumanganso mopingasa, kuyeza njira iliyonse ndi mita. Masana onse anathera pamenepo. Ba Mwanza anamanga magalasi awo ndi tepi yachikasu ya mu labu, n'kumagwira ntchito akutsimphina pang'ono. Kwa ine sananene china chilichonse koma manambala. Ndikayamba kuti "Ba Mwanza, ine", iwo ankangoti, "Nambala." Ndinkaima, ndinkakhala, ndinkaimanso. Kawiri konse ndinapita kuchimbudzi kukangoyenda uku ndi uku. M'mutu ndinali nditalongedza kale masutikesi, ndikuganiza chimene ndikawauze bambo: kuti mwana wawo wa ulemu uja anamuchotsa ntchito chifukwa chogwetsa munthu wamkulu.

Kunja kutayamba kuchita mdima, ngati mmene kumachitira msanga nyengo imeneyo, tinayatsa. Njira yoyamba inakhazikika. Yachiwiri. Memore inayankha. Ba Mwanza anayendetsa mayeso onse, ine chikhatho chili pabatani penipeni, ndipo mitambo inabwerera pakhoma n'kuzungulira mpaka kumapeto. Amai Busa anali moyo. Koma alendo anali atapita kalekale osaona mapeto ake, ndipo bwana wamkulu anaitana Ba Mwanza kumtunda, chitseko n'kutseka.

Ndinavala jasi n'kuuyamba wa kusiteshoni. Ndinasiya sitima ziwiri zidutse, sindikudziwa chimene ndinkadikira. Kenako ndinawaona Ba Mwanza akutsika masitepe pang'onopang'ono, tepi yachikasu ikuwala pambali pa nkhope. Sindinasamale za anthu. Ndinagwada pomwepo, pasimenti yonyowa, n'kuyamba kupepesa. Ndinapepesa monga amapepesera kwathu, kuyambira kumene anandipeza, ubwino wonse umene anandichitira, mmene ndawachititsira manyazi pamaso pa alendo, magalasi awo, chiuno chawo. Sanandidule. Anaima chilili, manja ali m'thumba, mpaka mawu anandithera.

"Wasiliza?" anatero. Ndinagwedeza mutu. "Iyi ndiye ntawi yake ya pepani. Wakamba bwino maningi. Manje nyamuka, bantu bazaganiza nakumenya."

Ndinanyamuka, mawondo a thalauza atanyowa.

"Bwana akali okalipa chifukwa cha balendo," anapitiriza. "Anifunsa za iwe. Namuuza kuti ine ndine ninaima pamalo yolakwika, na iye ndiye anakuchosapo. Namuuza futi kuti muntu wamene anganigwese pansi chifukwa cha chipu sitimutaya. Mailo ubwere na pasipoti."

Ndinalira, abale, pa siteshoni ya Acton, mamina ndi misozi, ngati mwana wa sukulu. Iwo anangoyang'ana kumene kumachokera sitima n'kunena kuti ndisawauze azakhali, angakomoke.

Azakhali anamva Lamlungu lomwelo, kwa Ba Mwanza eni ake, amene anafotokozera theka la mpingo akuonetsa tepi ya pamagalasi. M'basi pobwerera anandiyang'ana nthawi yaitali. "Unakankha munthu wamkulu mpaka kugwa," anatero. Ndinavomera. "Ndiye akupatsa ntchito." Ndinavomeranso. Anapukusa mutu n'kunena kuti dziko lino salimvetsa, ndipo sadzalimvetsa.

Alendo aja anabweranso patapita nthawi, ndipo zinayenda. Pansi, kutsogolo kwa batani, tinamata tepi yachikasu mozungulira malo oimapo munthu mmodzi, ndipo palibe wina amapondapo, kaya ndi bwana, kaya ndi mlendo. Panopo ndimajambula nawo mabolodi kumtunda, koma chipu chatsopano chikafika ndimatsikabe. Ulemu sindinautaye. Ba Mwanza ndimawanjutirabe kutchalitchi, ndipo akamalankhula za migodi ya ku Kitwe ndimamvetsera mpaka kumapeto. Chimene ndinaphunzira n'chakuti ngati anakuika kuti uziyang'anira chinthu, kukhala chete pamene chikupsa si ulemu kwa amene anakuikapo.

Viza itatuluka ndinaimbira bambo ku Ntcheu kuwauza kuti ndikhala. Ndinkaopa kuwafotokozera zonse, koma ndinafotokoza, mpaka za kugwa kwa Ba Mwanza.  Kenako ndinamva akupuma.

"Mbuzi zija, Thoko," anatero bambo. "Ukanangokuwa, mwana wanga. Chaka chimene chija tinavutika ndiwo."